Umphawi mu Mzinda wa Livingstone

Kale mu Livingstone munali mafakitale a magalimoto, mawailesi ndi zobvala. Koma boma limene linalowa mu 1991 litalola katundu wakunja kubwera mosabvuta, mafakitale ambiri anatsekedwa, ndipo anthu anasowa nchito.

Kodi umphawi umenewu ungacepe bwanji? Ena amati cuma cili mwa alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, pakuti amagona m'mahotela nagula ziboliboli. Ena amatsutsa, nakumbutsa za 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaletsa maulendo, ndipo osema ziboliboli anasowa owagula. Iwo amati boma lithandize alimi ndi kudzutsanso mafakitale.

Onsewo ali ndi mfundo. Koma mzinda wodalira nchito imodzi ufanana ndi mlimi wa mbeu imodzi: mvula ikakana, njala ilowa m'nyumba.