Mabuku a kusukulu ali ngati mbewu ya m'munda

Abale anga, mwana akabwera kuchokera ku sekondale ya ku Mandimba kapena ku Cuamba n'kudandaula kuti buku la Chipwitikizi limene amupatsa n'lolimba ngati mwala, musafulumire kumunena ulesi. Nkhani imeneyi timaidziwa kale kumunda.

Chimanga cha makolo chimachedwa kucha, koma njere zake n'zolimba. Anankafumbwe sachilowa msanga, ndipo chimakhala m'nkhokwe mpaka dzinja lina. Mabuku akale ali chimodzimodzi. Os Lusíadas ya Luís de Camões inatuluka mu 1572. Ndakatulo za José Craveirinha ndi Noémia de Sousa zinalembedwa atsamunda akadali pakati pathu, ndipo nkhani ya Luís Bernardo Honwana ya anyamata otumidwa kukapha galu wazilonda inasindikizidwa mu 1964. Mabuku amenewa apirira zaka zambiri osafumbwa.

Chimanga chamakono chimacha msanga, n'kutipulumutsa m'miyezi ya njala nkhokwe ikauma. Mabuku a masiku ano nawonso sachedwa kudyetsa mwana. Mu Niketche, buku la Paulina Chiziane la mu 2002, mayi wina atulukira kuti mwamuna wake ali ndi akazi ena anayi, ena mwa iwo akumpoto kuno. Mtsikana wa ku Ngauma amene wakula akuona mitala safuna womumasulira zimenezi. Terra Sonâmbula ya Mia Couto, ya mu 1992, imakamba za nkhondo yapachiweniweni ija inathamangitsa agogo a mtsikanayo kuwolokera ku Malawi.

Vuto n'lakuti munda ndi waung'ono, mvula nayo ili ndi nthawi yake. Chaka cha sukulu sichingakwane mabuku onse. Mlimi wanzeru amagawa mizere: uku mbewu yocha msanga, uku yosunga. Amayamba kudya yocha msangayo. Ana ambiri kuno amalankhula Chiyao, Chimakua kapena Chinyanja pakhomo, Chipwitikizi amachipeza m'kalasi. Ayambe ndi buku limene akudzionamo okha, akonde kuwerenga, kenaka afike ku lakale.

Buku lakalelo limafunanso kulikonza. Amayi akafuna ufa woyera amayamba akonola, apeta gaga, aviika mphale masiku angapo, kenaka n'kupita kuchigayo. Mphunzitsi wabwino amachita zomwezo: amafotokoza nthawi imene wolembayo anakhala, amamasula mawu ovuta, amawerenga mokweza pang'onopang'ono mpaka mawuwo afewe.

Musaiwale kuti mbewu ya makolo inali yatsopano tsiku lina. Craveirinha analandira mphotho ya Camões mu 1991, Couto mu 2013, Chiziane mu 2021. Chimene mwana wanu akuwerenga lero monga chatsopano, adzukulu anu adzachipeza m'nkhokwe.

Madzulo ano, nsima ikatha, mufunseni mwanayo akusimbireni m'chilankhulo cha pakhomo nkhani imene akuwerenga. Akaisimba mpaka kumapeto, dziwani kuti mbewu yamera.