Galimoto Yoima Padzuwa

Mwezi wa Okutobala ukafika, anthu a ku Chileka safuna wowauza kuti chilimwe chakhwima. Dziko lino liri lotsika: bwalo la ndege la Chileka liri pa mamita 780 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene mzinda wa Blantyre upitirira mamita 1,000, ndipo munthu akatsikira ku Lirangwe ndi ku Zalewa, thukuta lingoonjezeka. Kuchiyambi kwa Novembala dzuwa la masana liima paliwombo penipeni, kotero kuti chithunzithunzi cha munthu chibisala kumapazi kwache.

Pa mseu wa M1 papita nthawi zina alendo a magalimoto onga nyumba, okhala ndi kama ndi pophikira m'katimo. Iwowa adziwa bwino bvuto la galimoto yoima padzuwa, pakuti agona momwemo. Koma bvutoli siliri lao okha. Liri la oyendetsa malole a ku Mwanza ndi ku Tete, amene apumulira m'galimoto zao. Liri la amai okhala m'minibasi pa Lunzu kudikira kuti idzaze, mwana ali kumbuyo. Lirinso la bambo amene aimika galimoto pamsika, nati, ndingogula mchere ndibwera tsopano apa.

Chifukwa chache ndi ichi: kuwala kwa dzuwa kupyola galasi kosabvuta, nikutenthetsa mipando ndi zitsulo, koma kutenthako kusowa potulukira. Asing'anga a ku Stanford, m'dziko la America, anayesa galimoto yotseka, napeza kuti pa ola limodzi m'kati mutentha koposa kunja ndi madigiri ngati 22, ndipo kukwera kwakukuru kuchitika pa mphindi 30 zoyamba. Werengani nokha, abale: kunja kukakhala 35, m'kati muli 57. Anapezanso kuti kutsegula zenera pang'ono, monga ambiri achita ndi mtima wokhazikika, sikuthandiza kwenikweni.

Tsono mankhwala oyamba ndiwo mthunzi, koma si mtengo uli wonse upatsa mthunzi m'chilimwe. Mlambe, ngakhale uli waukuru chotero, uima wopanda tsamba mwezi wa Okutobala. Woimika galimoto pansi pache adzinyenga yekha. Mango ndiwo bwenzi, pakuti masamba ache sayoyoka, ngakhale zipatso zikayamba kugwa galasi lingathe kulira. Nsangu nayo iri ndi khalidwe lachilendo: ibvala masamba m'chilimwe, niwabvula m'dzinja. Ndipo kumbukirani kuti mthunzi uyenda. M'mawa ugwa kumadzulo kwa mtengo, dzuwa likapendeka ugwa kum'mawa. Munthu woti akhalitsa kufikira madzulo aimike galimoto kum'mawa kwa mtengo kapena kwa nyumba, ingakhale iotha dzuwa pang'ono poyamba. Pakuti dzuwa lowawa ndilo lija la 2 koloko ndi 3 koloko. Galasi lalikuru la kutsogolo lisapenye kolowera dzuwa.

Popanda mtengo, phimbani magalasi, ndipo muwaphimbe kunja, si m'kati ai. Chinsalu cha m'kati chitchinga dzuwa litalowa kale. Koma mphasa, katoni kapena nsalu yoyera yoyalidwa kunja ilibweza lisanakhudze galasi. Mphasa yoikidwa pa tsindwi la galimoto, ndi timitengo pansi pache kuti mphepo ipite pakati, ichita ntchito yomwe udzu uchita pa nyumba. Amene ali ndi lole kapena minibasi angachite bwino kupaka tsindwi utoto woyera, pakuti choyera chibweza dzuwa, chakuda chilimeza.

Wogona m'galimoto, kapena wodikira nthawi yaitali, atsegule mazenera mbali zonse ziwiri kuti mphepo ilowe uku nituluke uko, napachike chiguduli chonyowa pa zenera lochokera mphepo. Nzeru imeneyi amai aidziwa kale pa mtsuko: madzi akamauma atenga kutentha napita nako. Igwira bwino mpweya ukali wouma. Mitambo ya mvula ikayamba kusonkhana, mphamvu yache ichepa. Usiku asaiwale ukonde wa udzudzu. Mankhwala a kuchipatala, makamaka a matenda a shuga, foni ndi chigubu cha petulo zisatsale m'galimoto yotseka.

Koma zonsezi zichepetsa kutentha chabe. Sizisandutsa galimoto malo osiyamo mwana. Thupi la mwana litentha msanga katatu kufikira kasanu koposa la wamkuru, ndipo likafika madigiri 40 moyo uli pangozi. Ku America, kumene awerenga imfa zotere kuyambira 1998, ana oposa 30 afa chotero pa chaka kawirikawiri, ambiri a iwo ataiwalika ndi makolo owakonda. Mwana wogona asakunyengeni ndi tulo tache. M'berekeni, mupite naye. Minibasi ikachedwa kudzaza, tsikani naye mukhale pamthunzi, ngakhale wokhometsa ang'ung'udze.

Mukapeza mwana wafoka m'galimoto, thupi liri moto, wosayankha bwino, mutulutseni pomwepo. Mumgoneke pamthunzi, mumbvule zobvala, mumthire madzi ozizira thupi lonse ndi kumkupiza. Ngati sangathe kumeza, musamkakamize kumwa. Ndipo musadikire kuti atsitsimuke: thamangani naye ku chipatala chapafupi, kapena ku Mlambe pa Lunzu, mukumnyowetsabe panjira.