Girisi woyenera pa ma ball joint a galimoto

Ball joint ndi kachitsulo kobulungira komwe kamakhala m'kachikho ka chitsulo, ndipo kamalumikiza mkono wa saspenshoni ndi chitsulo chogwira tayala. Kamagwira ntchito ngati mfundo ya m'chiuno mwa munthu: tayala limakwera, limatsika ndi kukhota, koma silichoka pamalo pake. Sikazungulira mwaliwiro ngati beringi ya tayala. Kamangopendekera uku ndi uku pang'onopang'ono, kwinaku kakupanikizika ndi katundu komanso kugunda kwa maenje. N'chifukwa chake kamafuna girisi wosafinyika msanga pakati pa zitsulo.

Girisi ndi oyilo wosakanizidwa ndi chomulimbitsa, nthawi zambiri sopo wa lithium, kuphatikizapo mankhwala ena. Bungwe la ku America la NLGI limagawa girisi m'magulu kuyambira 000, wamadzimadzi, kufika 6, wolimba ngati njerwa ya sopo. Ma ball joint ambiri amafuna NLGI 2. Pachitini payeneranso kuoneka zilembo LB, zosonyeza girisi wa zitsulo za pansi pa galimoto, kapena GC-LB, yemwe amathandizanso pa maberingi a matayala.

Girisi wa lithium complex wokhala ndi molybdenum disulfide, yemwe amakaniko amangomutcha moly, ndi amene ambiri amamudalira. Moly amamatirira pachitsulo n'kumachiteteza ngakhale oyilo atafinyidwa. Komwe galimoto imawoloka mitsinje kapena kuyenda m'matope m'dzinja, girisi wa calcium sulfonate amaposa ena pokana madzi ndi dzimbiri. Mtundu wa girisi, kaya wofiira, wabuluu kapena wakuda, si umboni wa ubwino wake. Kusakaniza girisi wa zomulimbitsa zosiyana n'koopsa: girisi wa polyurea akakumana ndi wa lithium amatha kusungunuka n'kuyamba kutuluka.

Popopa girisi mu ball joint, kabowo kolowetsera girisi kayambe kapukutidwa kuti mchenga usalowe limodzi. Pampu iime kamphira kophimba mfundoyo kakangoyamba kufufuma, chifukwa kupitiriza kumakaphulitsa. Kamphira kakang'ambika, fumbi limasakanikirana ndi girisi n'kumapala chitsulo ngati sandipepa.

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a masiku ano ali ndi ma ball joint omata, opanda kabowo, omwe girisi wake amaikidwiratu kufakitale. Ball joint yomwe yayamba kugogoda kapena kusewera siichira ndi girisi aliyense. Iyenera kusinthidwa isanaguluke galimoto ili pa liwiro.