Mlatho uli ku Afghanistan, katswiri ali ku Mississippi

Msilikali wa ku America waima pamphepete pa mlatho wakale ku Afghanistan. Kumbuyo kwake kwandanda magalimoto ankhondo olemera, ndipo onse akudikira yankho limodzi: mlathowu upirira kapena ugwa? Iye za milatho sazidziwa kwenikweni. Akuyeza kukula kwa zitsulo, kujambula ming'alu ya m'zipilala, n'kutumiza zonsezo kudzera pa setilaiti. Zithunzi zikufikira ku Vicksburg, m'chigawo cha Mississippi, kumene mainjiniya, ambiri a iwo anthu wamba osavala yunifolomu, akuwerengetsa kulemera kumene mlathowo ungasenze n'kubweza yankho.

Umu ndi mmene nthambi ya zomangamanga ya asilikali a America, US Army Corps of Engineers, inkathandizira asilikali ake ku Iraq ndi ku Afghanistan. Nzeruyi ndimaigomera. Akatswiri a milatho, madamu ndi misewu ndi ochepa, ndipo sungawamwaze m'misasa yonse pakati pa zipolopolo. Komanso msewu ukakonzedwa msanga, wamalonda amafika kumsika, wodwala amafika kuchipatala, mitima ya anthu n'kuyamba kukhala pansi.

Zinavuta pamene njira yomweyi anaitembenuzira kwa anthu. Mu 2007 asilikali anayamba kutumiza timagulu ta akatswiri a chikhalidwe pansi pa ndondomeko ya Human Terrain System. Gulu loyamba linapita ku Khost. Ena anatsala ku Fort Leavenworth, ku Kansas, kumayankha pa kompyuta mafunso okhudza mafuko, mafumu ndi mikangano ya m'midzi.

Apa mpamene mtima wanga umakana. Mng'alu wa chipilala umaoneka pachithunzi, koma mantha a mkulu wa m'mudzi amene akuyankha mafunso mfuti zili pakhomo pake, munthu wa ku Kansas angawaone bwanji? Bungwe la American Anthropological Association linadzudzula ndondomekoyi mu Okutobala 2007, poopa kuti zimene anthu aulula zingagwiritsidwe ntchito powasaka. Ndipo akatswiri amene anapitadi kumaloko anakumana nazo: Michael Bhatia anaphedwa ndi bomba la mumsewu ku Khost mu 2008, Nicole Suveges anafa pa kuphulika kwa bomba ku Baghdad chaka chomwecho, Paula Loyd anatenthedwa ndi moto m'chigawo cha Kandahar n'kumwalira mu Januwale 2009.

Ndondomekoyi inatsekedwa mu Sepitembala 2014, itadya ndalama zoposa madola 700 miliyoni.