Khomo Lopapatiza la Sukulu Zaukachenjede ku India

Mwana wa achemwali anga atabwera ndi kalata yomuitana kukaphunzira za kompyuta ku India, ine monga malume ndinavomera tisanamalize n'komwe kumwa tiyi. M'mutu mwanga munali Sundar Pichai, mkulu wa kampani ya Google, yemwe anaphunzira ku IIT Kharagpur. Ndinkayesa kuti koleji iliyonse kumeneko imaphika anthu otero. Nditakhala pansi n'kufufuza, ndinachita manyazi.

Ma IIT ndi sukulu za boma zophunzitsa uinjiniya. Yoyamba, ya ku Kharagpur ija, inatsegulidwa mu 1951, ndipo lero zilipo 23. Zonse pamodzi zimalandira ophunzira atsopano osakwana 20,000 pachaka, pomwe olemba mayeso oyamba olowera, otchedwa JEE, amaposa 1 miliyoni. Ofuna udokotala, omwe amalemba NEET, amaposa 2 miliyoni. Ndi chigulu cha anthu pakhomo loti munthu alowe chammbali.

Kupanikizana kumeneku kunabala msika. Mumzinda wa Kota, m'chigawo cha Rajasthan, mwadzaza sukulu zomwe ntchito yake n'kukonzekeretsa ana mayeso basi. Mwana wa zaka 16 amasiya kwawo n'kukakhala m'kachipinda ka lendi, m'mawa kalasi, usiku mabuku, kwa zaka ziwiri. Makolo ena amatenga ngongole, ena amagulitsa munda. Mu 2023 ana oposa 20 anadzipha mumzindawu, ndipo akuluakulu a boma kumeneko analamula kuti mafani a kudenga m'mahositelo aikidwe masipuling'i kuti asathe kunyamula thupi la munthu. Nditawerenga zimenezi ndinaika foni pansi. Anakonza fani, mayeso n'kuwasiya momwemo.

Dzina la mzindawu limandikumbutsa “kota” ija tinkakanganirana kuno kwathu posankha ana opita kuyunivesite. Nawonso anthu a ku India ali nayo yawo, kungoti siyendera boma lomwe munthu akuchokera. M'sukulu za boma lalikulu, malo 15 pa 100 alionse amasungidwira a Dalit, omwe kale ankatengedwa ngati osayenera kukhudzidwa, 7.5 mitundu ya anthu a kumapiri ndi kunkhalango, 27 magulu ena otsalira, ndipo kuyambira mu 2019, malo 10 osauka a m'magulu otsalawo. Mkangano wake sunazirale.

Nanga olephera kulowa pakhomo lija amapita kuti? Kumeneko ndiye kuli India weniweni. Ophunzira m'sukulu zaukachenjede amaposa 43 miliyoni, kuwirikiza kawiri anthu onse a m'Malawi, koma m'chaka cha maphunziro cha 2021-22 anali achinyamata 28 okha pa 100 alionse a msinkhu woyenera. Boma, mu ndondomeko yake ya maphunziro ya 2020, likufuna afike 50 pofika 2035. Ambiri mwa ophunzirawa ali m'makoleji oposa 45,000, ndipo ochuluka mwa makolejiwa si a boma. Koleji imaphunzitsa, koma silabasi, mayeso ndi digiri zimachokera kuyunivesite yomwe kolejiyo inalumikizidwako, mwina ili kutali ndipo ikuyang'anira makoleji mazanamazana. Dongosololi linayamba ndi atsamunda mu 1857, pomwe ankakhazikitsa mayunivesite a Calcutta, Bombay ndi Madras. Ena mwa makolejiwa ndi abwino zedi. Ena ndi nyumba yokongola, chikwangwani chachikulu, aphunzitsi aganyu, ndi omaliza maphunziro amene amakafola pamzere wofunsira ntchito ya umesenjala m'boma.

Choncho ndinamuitanitsanso mnyamata uja ndi kalata yake. Tinafufuza ngati yunivesite yopereka digiriyo ili m'kaundula wa bungwe loyang'anira mayunivesite la UGC, ndiponso giredi yomwe bungwe loyendera sukulu la NAAC linapatsa kolejiyo. Tinailembera kolejiyo kufunsa kuti aphunzitsi olembedwa ntchito yokhazikika alipo angati. Anatiyankha tsiku lomwelo, koma anangotitumizira zithunzi za dziwe losambiramo ndi nambala ya akaunti yoikamo fizi.