Kanema wolipira ndi intaneti ku Thyolo

Kanema wolipira ndi intaneti ndi zina mwa zinthu zomwe mabanja a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, monga Satemwa, amawonongerapo ndalama mwezi uliwonse. Mitengo imakwera kwacha ikagwa mphamvu, chifukwa makampani amagula mapulogalamu ndi zipangizo kunja pogwiritsa ntchito madola. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti. Chaka chomwecho, mu Ogasiti, MultiChoice idaimitsa DStv m'Malawi kwa miyezi ingapo itasemphana ndi bungwe la MACRA pa nkhani ya mitengo.

GOtv imatchipa kuposa DStv ndipo imafuna mlongoti, osati dishi. Pa intaneti, ambiri amagula mabandulo a Airtel kapena TNM pafoni, pomwe Starlink, yomwe idafika mu 2023, imafuna kugula zipangizo kaye. Popeza ntchito yothyola tiyi imachepa m'chilimwe, mabandulo a tsiku kapena a sabata amagwirizana ndi thumba la antchito aganyu kuposa bilu yapamwezi.