Kodi Tauonadi Mwezi?

Madzulo a tsiku la 29 la Ramadhan, ife a ku Chiponde timaunjikana kunja kwa mzikiti, maso onse kuzambwe cha ku Namwera. Mimba ili pululu, kukhosi kwauma, amayi agula kale mpunga wa Idi. Mnyamata wina amafuula kuti, "Uwo! Uwo!" Posakhalitsa anthu asanu auona. Koma kodi auonadi?

Abale ndi alongo, diso siligwira ntchito lokha. Chinthu chikamaoneka mwachizimezime, ubongo umadzaza pamene paperewera ndi chimene mtima ukulakalaka. Tsono munthu akatengeka, mtima ukugunda msangamsanga, amafulumira kugamula kuti "ndaona" pa umboni wochepa. Sanama ayi. Iye akukhulupiriradi. Kamtambo kopyapyala, kapena nthanda ikamaphethira m'chisisira, zimasanduka mwezi.

Mabuku a mbiri amasimba za Swahaba Anas bin Malik (RA) ali wokalamba kwambiri ku Basra. Iye analoza kumwamba kuti wauona mwezi pamene anzake onse sanauone. Kadhi Iyas bin Muawiya anayang'anitsitsa nkhope yake napeza katsitsi ka nsidze katapindikira padiso. Atakachotsa, mwezi uja unasowa. Ngati zinamuchitikira munthu amene anatumikira Mtumiki (SAW) zaka khumi, nanga ife?

Akatswiri a zakuthambo Doggett ndi Schaefer analemba mu 1994 kuti pa anthu 100 oyang'ana mwezi, pafupifupi 15 amati auona ngakhale pamene sikutheka kuuona. Mwezi wosakwana maola 15 chibadwire suoneka ndi maso okha.

N'chifukwa chake Shariya sinasiye nkhaniyi m'manja mwa mtima wotentha. M'madhhab a Imam Shafi, mboni imodzi yolungama imakwanira poyamba kusala, koma pomasula pafunika ziwiri. Kukachita mitambo, monga zimakhalira Ramadhan ikagwa m'dzinja ngati mu Malichi 2025, timakwaniritsa masiku 30.

Vuto lathu pano pa malire ndi lamya. Wachibale wa ku Mandimba akangoimba kuti "kuno tauona", uthenga umafika msika wonse Isha isanakwane, ndipo palibe wofunsa kuti wauona ndani. Tikalakwitsa, tadya masana a Ramadhan mudzi wonse.

Ana athu a ku madrasa timawauza kuti wouona apume kaye, apukute maso, ayang'ane kumbali, kenako abwererenso. Auloze kwa mnzake amene sanamve mfuu, anene kumene nyanga zake zaloza. Akagwirizana, apite kwa Shehe, ndipo tonse tidikire chilengezo cha akuluakulu a Chisilamu pa wailesi.